Mchenga Wakuda pa Bwalo la Ambuye

Chaka chilichonse pa Khirisimasi banja lathu lonse linkakumana ku famu ya ambuye, agogo athu, kunja pang'ono kwa tauni ya Kabwe. Ambuye aamuna anachokera kum'mawa ali mnyamata, nagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, kenaka anapeza malo amenewo. Anaika malamulo awiri. Nyumba iliyonse inkabwera ndi kanthu kothandiza pa famu. Ndipo tikabwerako ku Misa, mwana aliyense wobadwa chaka chimenecho ankamukhazika pakati pa bwalo, n'kutapa dothi pang'ono ndi chala, n'kumuika pa lilime. Ankati wolawa dothi la pakhomo sasochera m'tauni. Nanenso ndinalawa.

Chaka chimene mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa, wolawa anali mwana wanga woyamba, mtsikana wongoyamba kukwawa.

Chinali chaka choipa. Makampani a boma ankagulitsidwa, ndipo amuna ambiri a m'banja mwathu ankangokhala pakhomo. Amalume, amene anagwira ntchito mu mgodi kuyambira unyamata wawo, tsopano ankapita ku dampu, phiri lakuda lija la zotsalira za mgodi, kukakumba zitsulo zogulitsa. Kale iwo ndiwo ankabwera ndi mbuzi.

Ine ndi mkazi wanga tinkakhala ku komboni ya Makandanyama. Mwana wa aneba athu anayamba kudwala m'mimba, kenaka kukomoka ndi kugwedezeka thupi lonse, ndipo anamwalira Khirisimasi ili pafupi. Mkazi wanga ndiye anaperekeza mayi wa mwanayo kuchipatala. Kumeneko anamva namwino akunena kuti ndi mtovu wa m'dothi la ku mgodi, kuti umalowa mwa mwana pang'onopang'ono osaoneka. Kuyambira tsikulo mwana wathu sankamutsitsa kumsana.

Tinafika pa famu m'mawa. Bwalo, limene nthawi ya mvula linkakhala matope okhaokha, linali louma, losalala, lakuda bii. Amalume anaima pakati pake, manja m'chiuno. Anali atapempha mnzawo wa lole kuti awatutire mchenga ku dampu.

"Mwaona?" anatero. "Chaka chino palibe woterereka ndi mbale m'manja. Mbuzi imatha tsiku limodzi, izi n'zokhalitsa."

Azakhali anawayamikira. Ana anali kale pansi, akumanga tinyumba.

Mkazi wanga ananditsina pa mkono. "Atate ake mwana, mukuuona mchengawu?"

"Ndauona."

"Mukanene."

"Kwa yani? Kwa amalume?"

"Mukapanda kunena, ine ndithawa naye."

Misa ya tsikulo sindinamvepo kanthu. Ndinali ndisanatsutsepo ambuye chibadwire. Ndinkadziwanso kuti amalume analibe china chobweretsa, ndipo kunyoza mchengawo kunali kuwavula pamaso pa banja lonse. Koma ndikatsinzina kuti ndipemphere, ndinkaona kabokosi kamene tinanyamula ku Makandanyama, kopepuka ngati mulibe munthu.

Titabwerako, ambuye anakhala pa mpando wawo pakati pa bwalo, anthu n'kuzungulira.

"Bweretsani mlendoyo," anatero.

Mkazi wanga sanamasule chitenje.

"Apongozi, mwamusokera kumsana kodi?" anafunsa azakhali. "Kapena ndi wagalasi?"

"Ana a masiku ano amalawa bisiketi basi," anatero msuweni wanga, anthu n'kuseka.

Ndinamutenga mwanayo ndekha. Mkazi wanga anandiyang'ana ngati mlendo. Ndinagwada, n'kumupereka ndi manja awiri. Ambuye anamukhazika pansi. Ndinaona chala chawo chikulowa mu mchenga, chikutuluka chakuda, chikukwera. Ndinawagwira dzanja.

Kuseka kunatha.

"Ambuye, pepani," ndinatero. "Dothi ili si la pano."

Ndinafotokoza za mwana wa aneba ndi zimene namwino ananena. Dzanja lawo sindinalitaye mpaka nditamaliza.

"Iwe," anatero amalume, "ine ndapuma fumbi limeneli moyo wanga wonse. Ndafa?"

"Inu ndinu akulu, amalume. Akuti limagwira ana."

Amalume anafuna kuyankha, koma maso awo anagwera pa mwana wawo wotsiriza, amene anakhala pafupi ndi khomo la khitchini. Milomo yake inali yakuda m'mbalimbali. Anali atasewera mu mchengawo kuyambira tsiku limene lole inafika.

Ambuye anayang'ana chala chawo nthawi yaitali, n'kuchipukuta pa thalauza.

"Za mtovu sindizidziwa," anatero. "Koma mwanayu wanena zoona. Dothi ili si langa."

Anadzuka movutikira, ananyamula mwana, nalowera kumunda wa chimanga, ife tikutsatira. Kumeneko anafukula dothi lofiira pansi pa mzere, n'kumuika pa lilime. Mwanayo analira, monga tonse tinalirira pa nthawi yathu.

Atabwerera kwa mayi wake, mkazi wanga anamufumbatula kadzanja. Munali mchenga wakuda. Anautapa pa kanthawi kaja anakhala pansi ine ndikulankhula. Ngati anauika kukamwa kapena ayi, palibe amene anaona. Tinamutsuka manja ndi m'kamwa mpaka anakwiya, ndipo amayi ena onse anakokera ana awo ku chitsime.

Masana amenewo mowa sunamwedwe. Amalume anatenga fosholo, akadali mu shati yawo ya ku tchalitchi, nayamba kupala bwalo. Amuna tonse tinatsatira. Tinatuta ndi wilibala kukataya m'dzenje lakutali, n'kukwirira. Koma mchengawo sunachoke wonse. Mvula inali itaulowetsa kale pansi.

Mwana wanga anakula, ndipo lero ali ndi ana ake. Koma kwa zaka zambiri, akangoti m'mimba mukupweteka, kapena akachedwa kuyankha tikamuitana, ine ndi mayi wake tinkayang'anana osalankhula. Mwana wa amalume uja sukulu inamukanika, ndipo ankadwaladwala. Chifukwa chake palibe anachidziwa bwino, ndipo pamaso pa atate ake palibe anachifunsapo.

Ambuye anapitiriza mwambo wawo mpaka imfa yawo, koma ankachitira kumunda. Pa bwalo paja, ngakhale patamera kapinga, sindinaonenso mayi aliyense wa m'banja mwathu akutsitsapo mwana.