Sizasi Yomwe Sinadule Tsitsi Langa

Anzanga, Wilmer ndinakumana naye pageti la yunivesite, tsiku lomwe amalola ofuna kudzaphunzira kuti alowe aone malo. Ndinali nditaima ngati mwana wotayika pamsika, ndikuopa ngakhale kuponda kapinga.

"Iwe ukufuna udokotala wa ziweto, eti?" anatero.

"Wadziwa bwanji?"

"Nsapato zako. Zikuoneka kuti zimalidziwa khola la alpaka."

Ndinafuna kukwiya, koma ndinapezeka ndikuseka.

Kwathu ndi ku Chivay, kumapiri komwe amaweta alpaka, ziweto zaubweya ngati nkhosa. Ku Arequipa ndinkakhala kwa azakhali, ndikuphunzira pa sukulu yokonzekera mayeso olowera kuyunivesite. Ndinali nditalephera kale kamodzi, ndipo bambo sanandibisire mawu: "Ukalepheranso, ubwere udzathandize mayi ako kugulitsa tchizi. Za sukulu zithere pompo."

Wilmer nayenso ankafuna za ziweto zomwezo. Malo anali ochepa, ofuna tinali ngati nyerere.

Tsiku lina tikudya queso helado, ayisikilimu wa ku Arequipa, anandiuza chinsinsi chake.

"Nélida, mabuku okha sakwanira. Malo ano ayenera kukuzolowera. Ukamabwera pafupipafupi aphunzitsi amaidziwa nkhope yako. Msuweni wanga analowa choncho."

"Mayeso amachonga ndi makina, iwe. Makina ali ndi maso?"

"Ndiwe wakumudzi zedi, bebi. Kuseri kwa makinawo kuli anthu."

Mutu wanga unkadziwa kuti ndi nkhambakamwa, koma mtima unali utagontha kale. Loweruka lililonse kusukulu kwathu kunkakhala mayeso oyeserera, ophunzitsa munthu kuthamanga ndi nthawi. Ndinajomba kamodzi, kenako kawiri... kenako ndinasiya kuwerengera.

M'malo mwake tinkazungulira kampasi yonse titagwirana manja. Tinkasuzumira m'mazenera a makalasi, kupereka moni kwa aliyense wovala jekete, mpaka tinasankha benchi yathu pansi pa mtengo. Ndisakunamizeni, amenewo ndiwo anali masiku okoma kwambiri pa moyo wanga.

Mayeso atayandikira anandipatsa kasizasi kakang'ono. Kwathu kuno mnyamata akakhoza anzake amamumeta mpala, mtsikana amamudula katsitsi pang'ono.

"Sunga," anatero. "Lako ndidzadula ndine, langa udzameta ndiwe. Wina asadzandigwire mutu."

Tsiku la mayeso nthawi inandithera ndisanafike ndi pakati pomwe. Zotsatira zitatuluka ndinangoona zanga, kuti ndalepheranso, n'kumuimbira.

"Nanenso zakanika," anatero motsitsa mawu. "Usabwere, ndikufuna ndikhale ndekha."

Sindinaganizeko zofufuza dzina lake. Ndinalira zanga, ndinaliranso zake.

M'mawa ndinagula ma salteña otentha, timabanzi ta nyama m'kati, kuti ndikamupepese. Ndisanafike pakhomo ndinamva nyimbo. Ndinakankha geti.

Wilmer anali pampando pakati pa bwalo, mutu uli mbee, ufa ndi mazira zikuyenderera m'khosi. Tsitsi lake lija, lomwe ndinkaliseweretsa pabenchi, linali mbwee pasimenti, anzake akulipondaponda.

Mmodzi mwa iwo anandikokera mkati. "Lowa, sisi, udzamuone katswiri! Uyu mayeso oyeserera a Lamlungu kusukulu kwathu sanajombepo ngakhale kamodzi."

Lamlungu. Tsiku lomwe ankandiuza kuti amakhala kutchalitchi ndi mayi ake.

Wilmer anaimirira. "Nélida... ndimati ndikuuza."

"Msuweni wako uja," ndinamufunsa, "analowa chaka chanji?"

Anayang'ana pansi. Anayankha ndi mayi ake, akumwetulira, mbale ili m'manja.

"Msuweni uti, mwanawe? M'banja muno woyamba kulowa yunivesite ndi iyeyu."

Nditatuluka, Wilmer ananditsatira mpaka pamsewu, ufa ukuyoyoka.

"Sindinakuuzepo kuti usiye kuwerenga. Ine ndinkangofuna uzikhala nane Loweruka, basi."

Mwina ankanena zoona. Mwinanso ankachepetsa opikisana naye. Funso limeneli ndi lomwe limandidya mpaka lero, chifukwa yankho lililonse limandipweteka.

Pano ndili ku Chivay. Bambo sanakalipe, anangondisonyeza pomwe pamakhala sikelo. Nthawi zambiri ndimalota ndili m'kalasi lija tinkasuzumira, ndikutembenuka n'kupeza kuti ndili kunja kwa zenera, ndikudziyang'ana ndekha.

Mwezi watha ndinapita ku Arequipa kukasiya tchizi. Sindinakonze, miyendo inangonditengera pageti lija. Mlonda atandiona anasangalala.

"Adokotala, mwasowatu! Mwafika chaka chachingati tsopano?"

Anzanga, Wilmer sananame zonse ayi, malo aja anaidziwadi nkhope yanga. Kungoti nkhope silemba mayeso.

Ngati mukukonzekera mayeso, kaoneni kampasi kamodzi, mubwerere ku mabuku. Ndipo wokuuzani kuti pali njira yachidule, mufunseni kumene iye amakhala Lamlungu.

Kasizasi kaja ndikadali nako. Ndimadulira mapepala okulungira tchizi. Tsitsi langa lafika m'chiuno, mayi amandiuza tsiku ndi tsiku kuti ndilichepetse, koma dzanja langa limakana.