Lalanje la m'magalasi

Amayi, lero ndimasesa m'chipinda chanu kuno ku Nsipe, ndiye ndapeza magalasi a kanema aja achimwene anatumiza kuchokera ku Joni sitiroko itakuumitsani dzanja lamanja. Mukawavala munkaona munda, ndipo mtsikana wa m'kanemamo ankakupatsani lalanje kuti dzanja lodwalalo lizolowere kutambasuka ndi kufumbata. Adokotala a mafizo ku Boma anatiuza kuti muzilandira ndi lamanja lokha, lamanzere lizikhala pamwendo. Koma inu ayi. Mtsikanayo akangotambasula mkono, lamanzere linkathamangira kukagwirizira lamanja, mutu n'kuweramako pang'ono. Tsiku lina ndinati, "Amayi, ameneyotu si munthu, n'chithunzi chabe." Munandiyankha magalasi ali kumaso, lilime likulemera: "Kaya n'chithunzi, mwana wa eni ake akundipatsa chinthu. Ndilandire ndi dzanja limodzi ngati ndinakulira kutchire?" Ndinaseka mpaka misozi, inunso munaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Munkafuna dzanjalo lichire kuti mukakumbe nokha kachewere wanu. Zala zinali zitayamba kumvera pamene sitiroko yachiwiri inabwera. Kachewere uja tinakumba ndife, n'kuphikira anthu obwera pamaliro anu. Lero ndakhala pamkeka wanu n'kuwavala magalasiwo. Mtsikana uja akadali pompaja, lalanje lili m'manja, akudikira inu. Palibe amene anamuuza. Ndalandira ine, amayi, ndi manja awiri.