Matayala anayi a alamu anga

Lachiwiri lapitali ndinakwera basi ya m'mawa pa Boma pamodzi ndi alamu anga, a Makwinja, kupita ku Limbe kukagula matayala anayi. M'thumba ndinali ndi kapepala kolembedwa manambala awa: 5.60-15. Ndinawakopera ndekha pa tayala lakale, nditagwada m'fumbi.

Inu amene mumadutsa njira ya ku Nguludi galimotoyi mukuidziwa. Ndi yofiira, yaifupi, ya mipando iwiri yokha, denga lake la chinsalu, mikombero yake ya masipoko ngati njinga. Alamu anaigula kwa mzungu wa pa esiteti imene ankagwirako ntchito ya umakaniko, mzunguyo akulongedza zobwerera kwawo dziko litangolandira ufulu. Lamulungu lililonse ankapita nayo ku Misa ndi akazi awo, achemwali anga a Agnesi, duku litamangidwa kawiri kuopa mphepo. Achemwali atayamba kudwala, galimoto inakwezedwa pa njerwa kuseri kwa nyumba. Yakhala pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi. Achemwaliwo tinawaika m'manda chaka chatha.

Tayala limafa m'njira ziwiri. Lina limatha ndi msewu, mizere yake kusalala. Lina limatha ndi kukhala. A alamu mizere yake ikadali yakuya, koma m'mbali mwang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe. Ngakhale wosoka nkhwaira wa pamsika anawakana.

Nanga munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, amene sapita kwina kulikonse koma kutchalitchi ndi kumanda, matayala atsopano ndi a chiyani?

Kuno kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi. Mkazi akamwalira, pakapita nthawi akuchikazi amamusudzula, ndiye kuti amamuuza kuti wamasuka, atha kubwerera kwawo. Mwambo wa alamu uli Loweruka la sabata yamawa, ndipo woyankhula ndine, chifukwa mwini mbumba ndine. Mwana wawo ndi mmodzi, wamwamuna, nayenso ndi mkamwini ku Thyolo. Nyumba akuiyembekezera mwana wa achemwali anga ena, amene akukwatiwa tikakolola.

Palibe amene wawathamangitsa. Ife sitithamangitsa munthu. Timangofunsa kawirikawiri kuti, "Kodi alamu, kumudzi kuli bwanji masiku ano?" Iwo yankho lawo lakhala limodzi: sangasiye galimoto, ndipo galimoto ilibe matayala. Ndiye abale anandituma. "Achimwene, inu odziwa za m'tauni, athandizeni."

Ndinawathandizadi.

M'sitolo ya matayala munali bambo wina wa ovololo yabuluu, pensulo ili kukhutu. Anawerenga kapepala kanga, nayang'ana alamu kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Madala, galimoto imeneyi ikuyendabe, kapena nkhuku zikuikiramo?"

"Injini ndimailiza Loweruka lililonse," anatero alamu. "Ikalira, nkhuku zimathawa."

Bamboyo anafotokoza kuti matayala a mtundu wakalewo, a nsalu zopingasa mkati, anasiya kubwera. Chitsekereni njira ya kudoko la Beira katundu akuzungulira kutali. Atha kuitanitsa, koma adzafika mwina pakatha miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka, mwina osafika n'komwe.

"Ndidikira," anatero alamu. Anayankha msanga kwambiri, koma ine sindinalabadire.

"Musadikire, madala. Alipo amakono, a waya mkati, 155-15. Timagulitsa kwa eni magalimoto aja ooneka ngati kamba, a injini kumbuyo. Alowa bwinobwino."

"Yangayo si kamba."

"Mkombero ndi umodzi."

"Chiwongolero chidzalemera. Galimoto ija inazolowera nsalu."

Apa ndi pamene ine ndinalowerera. Ntchito yanga ya nyuzi inandiphunzitsa kuti munthu akanena chinthu cholakwika, umukonze nthawi yomweyo. Ndinati 15 ndi kukula kwa mkombero m'mainchesi, ndipo nambalayo ili pa matayala onse awiri. Ndinauza wa ovololo uja kuti atulutse buku la m'sitolo, ndipo ndinaloza ndi chala pamene palembedwa kuti 155 amalowa m'malo mwa 5.60. Ndinati tayala la waya limakhalitsa, ndipo limagwira msewu bwino mvula ikagwa. Ndinati choopsa ndi kusakaniza la waya ndi la nsalu, koma ife tikugula onse anayi. Mfundo iliyonse imene alamu anatulutsa ndinaibweza.

Wa ovololo anaseka. "Madala, achimwene anuwa ndi loya?"

"Ndi alamu anga. Amalemba nyuzi. Salakwa."

Anavula chipewa, nayang'ana mkati mwake kanthawi, navalanso.

"Chabwino. Mangani."

Bambo uja akumanga matayala awiriawiri ndi chingwe, anafuna kusangalatsa alamu. "Awa muyenda nawo zaka, madala. Mumapita maulendo ataliatali?"

"Ulendo ndi umodzi," anatero alamu. "Wopita."

Pamenepo ndi pamene ndinamva zimene ndinachita. Munthu amene wakonza magalimoto moyo wake wonse sankafuna kuti ine ndimuphunzitse za mikombero. Ankadziwa kuti matayalawo alowa. Ankafuna aja osafika. Miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka, akusesa pamanda pa mkazi wake, akuliza injini Loweruka. Chifukwa chokhalira chinali chimodzi chokhacho, ndipo ine ndinachiphwanya ndi buku la m'sitolo.

Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma kodi mame amakhala zaka makumi atatu ndi zisanu? Alamu anabwera pamudzi pathu ine ndili ku pulaimale. Njerwa za nyumba ija anaumba ndi iwo. Mapeyala amene ana athu amagenda anadzala ndi iwo. Maliro aliwonse a pamudzi, woyamba kugwira khasu kumanda anali iwo. Kwawo ndi kuseri kwa Phalombe. Alongo awo onse anatha. Otsala kumeneko ndi ana a alongowo, amene amawadziwa malume awo ngati dzina la pa envelopu.

Sindikunyoza mwambo. Mwambowu ndi umene umateteza mkazi ndi ana kuti asalandidwe munda mwamuna akafa, ndipo amayi anga anapulumuka nawo. Kusudzula nakonso kunayamba ndi chifundo: mwamuna wachinyamata amasuke, akakwatirenso, asakalambire pamudzi pa eni. Koma mawu amene amamasula mnyamata, akagwera nkhalamba amaisiya panja.

Pitani pa depoti tsiku lililonse la msika. Mudzaona bambo wachikulire atakhala pa sutikesi yamalata, wailesi ili pamiyendo, nkhwangwa ndi khasu zitamangidwa pamodzi. Sakupita kukacheza. Mukamufunsa adzati, "Ndikupita kwathu," ndipo adzatchula mudzi umene sanagonemo chikwatirireni. Mwambo sunena kuti achoke. Umanena kuti wamasuka. Ndife amene timaonjezera tsiku, ndi kufunsa za kumudzi, ndi kumufunira matayala.

Pobwerera, matayala anakwezedwa pamwamba pa basi. Alamu anakhala kuwindo, ine pambali pawo. Basi ikakhota, tinkamva matayala akugudubuka pang'ono padenga.

Tikuyandikira kwathu ndinakumbukira mfundo ina. Mkombero wa masipoko susunga mpweya paokha, chifukwa mpweya umatulukira m'mabowo a masipokowo. Umafuna chubu. Machubu akale a alamu ndinawaona ndi maso anga tsiku lija ndinagwada m'fumbi: anauma, ukawapinda amathyoka. M'sitolo muja sitinagule chubu ngakhale chimodzi. Wa ovololo sanafunse, poti galimotoyo sanaionepo.

Ndinatsegula pakamwa. Kenaka ndinayang'ana alamu. Makaniko wa zaka zonsezo angaiwale chubu? Maso awo anali pa phiri la Chiradzulu, manja atagwira chipewa pamaondo.

Ndinatseka pakamwa. Chiyambireni ntchito ya nyuzi, aka kanali koyamba kudziwa mfundo n'kuisunga.

Titatsika, tinagubuduza matayala mpaka kuseri kwa nyumba. Alamu anawasanjikiza pafupi ndi galimoto, nawafunditsa chiguduli kuopa dzuwa. Achemwali anga ena aja anatulukira pampanda.

"Mwapeza?"

"Tapeza," ndinatero.

"Ndiye zatheka?"

"Kwatsala pang'ono," anatero alamu. "Ntchito ya galimoto safulumira nayo."

Galimoto ikadali pa njerwa. Koma chubu si chinthu chosowa ngati tayala la nsalu, ndipo pamudzi sipadzalephera kupezeka wina wothandiza ngati ine. Loweruka la sabata yamawa ndidzaimirira pamaso pa mbumba yonse. Mawu a mwambo ndikuwadziwa, ndi afupi: "Mwamasuka." Ndikufuna kuonjezerapo atatu: "Khalani ngati mukufuna." Mdzukulu wokwatiwayo tingamuumbire njerwa zake, dothi silinathe. Sindikudziwa ngati abale adzandilola kumaliza.

Inu amene muli ndi mkamwini wokalamba pamudzi panu, mukamati mukumuthandiza ulendo, munayamba mwamufunsa ngati kumene akupitako kuli womudikira?