Nungu ya M'dzenje

Tsiku limenelo tinalipo anayi: bambo anga, malume, Mndebele wina mwini galu yemwe ankagwira ntchito ndi bambo ku njanji, ndi ine. Mayi sanali nafe. Iwo anali chigonere m'nyumba ku Luveve, komboni ya m'tauni kudziko la Amandebele, kuyambira pamene chisanu chinatha, akutsokomola, thupi likutha ngati sopo.

Chilimwe chimenecho ndinali mwana wosowa pokhala. M'chipinda sankandilola kulowa. Ana a m'layini mwathu ankandikuwiza kuti "Nyasa, Nyasa," poti ife tinali obwera, ndipo amayi awo anawaletsa kudya nane chifukwa kwathu kunali chifuwa. Ndiye ndinkangokhala kuseri kwa nyumba, pansi pa zenera la mayi, n'kumaswa timiyala. Akasiya kutsokomola ndinkachita mantha. Akayambiranso, mtima unkakhala pansi.

Mankhwala a kuchipatala atakanika, wina anauza bambo kuti afune chifu cha nungu. Akuti nungu imadya mizu yonse ya m'tchire, yowawa ndi yozuna yomwe, choncho m'chifu mwake muli mankhwala a matenda onse. Kaya n'zoona kaya n'zabodza, musandifunse ine. Bambo anakhulupirira, ndipo munthu amene mkazi wake akutha amakhulupirira chilichonse.

M'mawa wa tsikulo malume, mchimwene wawo wa mayi, analowa m'chipinda muja. Atatuluka anaima pakhomo nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanayu tipite naye." Bambo anakana kuti ndiwachedwetsa. Malume anangondigwira dzanja.

Tinayenda kulowera cha ku Khami, kupyola Pumula. Masiku amenewo kunalibe nyumba zonsezi, kunalibe makombi, maminibasi aja, kunali tchire ndi miyala basi, ndikuti tchire lenileni! Galu anatifikitsa pa una pansi pa chulu, pakhomo pake pali minga yothothoka. Mndebele uja anatseka mauna enawo ndi miyala. Bambo anaunjika udzu ndi ndowe zouma, n'kuyatsa, n'kumakupizira utsi m'kati ndi malaya awo.

Anyamata a lero amati nungu imaponya minga ngati mivi. Bodza! Ine ndinaiona ndi maso angawa. Imatuluka ikuchita phokoso ngati nthanga zouma m'chitini, kenako imakuthamangira chafutambuyo. Galu anaiyandikira, analira, anabwerera ndi minga pamphuno. Bambo anaizungulira n'kuimenya chibonga pamutu, poti nungu moyo wake uli pamphumi.

Anaigoneka chagada, n'kuitumbula mosamala ndi mpeni. Chifu anachichotsa chathunthu, anachimanga ndi luzi uku ndi uku kuti za m'kati zisatayike, n'kuchikulunga m'malaya omwe aja. Nyama sanaiyang'ane n'komwe. Ananyamuka chothamanga, msana uli pamtunda, kubwerera ku Luveve. Mndebele uja anadula mwendo umodzi wa nunguyo, anatsanzika, napita kukazula galu wake minga.

Tinatsala awiri. Ine ndinkafuna kutsatira bambo, koma malume anati, "Nanga mayi ako ukawapatsa chiyani? Tiyambe taphika."

Tsono mverani kaphikidwe kake, chifukwa ophika nungu anatha. Mphika tinalibe, mchere tinalibe. Choyamba tinazula minga yaitali ndi manja, ine zala zili magazi. Yotsala tinaiwaula pamoto, fungo lake ngati tsitsi lopsa, n'kupala ndi mpeni mpaka khungu linayera. Khungu limenelo satayatu, ndiye nyama yeniyeniyo, lonenepa kuposa la nkhumba.

Ndinayesa kuti tiotcha pamakala pomwepo. Malume anati ayi, nungu saifulumizitsa. Anandipatsa mtengo wosongola kuti ndikumbe dzenje. Nthaka ya chilimwe, youma gwa! Ndikati ndamaliza, iwo, "Wonjeza." Kenako ananditumiza kukatola miyala yosalala, ina anaikana, ndinabwereranso. Madzi tinakafukula mumchenga wa mtsinje wouma, tinatengera m'chipewa chawo, n'kuponda dongo la pachulu. Nyama tinaikulunga m'masamba, n'kuimata dongo mpaka inaoneka ngati mwala waukulu. Miyala ija tinaiotcha ndi nkhuni za tsanya mpaka inafiira, tinaiyala m'dzenje, nyama pamwamba, makala pamwamba pake, kenako dothi.

Ndiye kudikira. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Nyenje zinkalira mpaka makutu kugontha. Malume anakhala patali pang'ono, atandifulatira, akuyang'ana kumene tinachokera. Ndikafunsa kuti yapsa, yankho linali limodzi: "Sinapse." Munthu wanthabwala ngati uja, tsiku lonse sananene nthabwala ngakhale imodzi.

Zithunzi za mitengo zitatalika tinafukula. Dongo linali litauma ngati mphika. Analiswa ndi mwala, nthunzi inatuluka, mafuta akuyenderera. Ndakhala ndikudya nyama moyo wanga wonse, m'maukwati ndi m'mabutchala, koma ngati imene ija sindinaionenso. Inkangochoka yokha pafupa. Ndinadya mpaka mimba inalimba. Malume anati mano akuwawawa. Khungu lofewa la pamsana ndinalikulunga m'masamba kuti ndikapatse mayi.

Titafika m'layini mwathu kukuyamba kuda, ndinaona mipando yathu ili panja, moto ukuyaka pabwalo, azimayi a kutchalitchi akuimba m'nyumba. Bambo anali atakhala pansi, malaya aja ali pambali pawo osamasula. Mayi anali atatisiya masana. Thupi anali atalisambitsa kale, atalifunditsa, ndipo kwathu mwana sankaonetsedwa maliro. Mayi wina woyandikana nafe anandilanda phukusi lija n'kunditengera kwawo. Anthu omwe ankakana kudya nane usiku umenewo anandiyalira mphasa.

Ndinakula ndikudziwa kuti ndinachedwa chifukwa nungu sipsa msanga. Sindinadyenso ina. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pa nkhani ya nungu palibe wondiphunzitsa, ndipo ndaifotokoza m'maliro ndi m'malo a mowa, anthu ali chete.

Pano ndimakhala ndekha ku Pumula, kufupi ndi kumene kunali tchire lija. Mkazi wanga anapita, anzanga a ku njanji anapita. Mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito ku Joni, amabwera pa Khirisimasi. Ulendo wathawu ankaotcha nyama pawaya kuseri kwa nyumba, ine n'kumuseka kuti kumeneko si kuphika, n'kupsereza. Ndinamufotokozera za dzenje, za dongo, za miyala, monga ndakufotokozerani inu. Chichewa amachimva bwino, koma poyankhula chimamulemera. Anatembenuza nyama yake, kenako anati, akusakaniza ndi Chindebele:

"Angithi, si paja moto unalipo, Baba, makala analipo? Nyama ija ikanapsa dzuwa lisanafike pamutu. Malume anu anaona mmene gogo analili m'mawa muja. Dzenje lija anakukumbitsani kuti musafike kunyumba."