Dzanja Lamanja la Amalume

Amalume anga anadwala sitiroko chaka chomwe ndinapeza mwamuna wofuna kundikwatira. Munali mu 2011, tikukhala ku Seraleng m'kanyumba ka malata, ine ndikuchapa zovala za alendo cha ku Ledig, iwo akudya penshoni ya kumgodi. Anali mtchona weniweni, anabwera ku Joni ndisanabadwe. Mwendo wawo unadzuka msanga, koma dzanja lamanja linangoti lende ngati thaulo lonyowa.

M'Joni monse wachibale wanga wamkulu anali iwo okha. Ankhoswe akuchimuna anali atatumiza kale mawu kuti abwera kuchokera ku Mooinooi kudzakambirana za ukwati, koma amalume anakanitsitsa.

"Ndikawapatse moni ndi lamanzere ngati ndikuwanyoza? Aikona, mwanawe. Ukwatiwo udikire."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Kuwaphikira ine, kuwachapira ine, ndiye banja langa lilephereke chifukwa cha moni!

Kukiliniki kunali mtsikana wa Chitswana amene tinkangomutcha wa mafizo. Iye ankatikonza, ankati wa mafizo amadzutsa mkono, koma ntchito ya iyeyo ndi kufunsa kuti mkonowo ukadzuka ukagwire chiyani. Anazolowera kuthandiza anyamata ophwanyika zala ofuna kubwerera kumgodi, koma masiku amenewo pabenchi pake pankadzaza madala a sitiroko, a shuga ndi a chifuwa, amene sankabwereranso pansi pa mgodi. Mtsikanayo anawapatsa amalume timatabwa toti azisanja. Iwo anakankhira timatabwato kumbali.

"Ndinkaboola thanthwe ine, lero ndizisewera ndi zidole?"

Anasiya kupita. Ndiye mtsikanayo anatilondola kunyumba, nsapato zili mbuu ndi fumbi, osanyamula chida chilichonse. Ndinamulonjera monga timachitira kwathu: kupinda mawondo pang'ono, kupereka dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza pachigongono. Sanandisiye dzanja.

"Linalo mwaliika pamenepo chifukwa chiyani?" anandifunsa m'Chingerezi.

"Ndi ulemu wa kwathu."

Anatembenukira kwa amalume, n'kuwatchula bambo m'Chitswana. "Ntate, nanunso mumatero?"

"Kwa akuluakulu ndi kwa apongozi, inde."

"Ndiye ndipatseni moni ngati ndine mpongozi wanu."

Amalume anaseka koyamba chidwalireni, mpaka chifuwa chinawagwira. Kenako anatenga lamanzere, ananyamula mkono wofookawo pachigongono, n'kuupereka. Zala zinali lende, koma dzanja linafika.

Kuyambira tsiku limenelo mankhwala anali moni. Mtsikana uja analamula kuti wolowa aliyense pakhomo pathu ayambe wagwirana chanza ndi amalume, iwo n'kuyesa kufinya. Wodzapempha mchere, wobwereka wilibala, azibambo a kutchalitchi, onse anasanduka madokotala osadziwa. Mtsikanayo akabwera kudzatiyendera ankatsinzina, n'kupereka dzanja, n'kunena chala chimene chagalamuka ndi chimene chikadali mtulo. Ine ndinkangoti kukamwa yasa. Mwambo umene ndinauchita moyo wanga wonse osauganizira, mwana wa eni anauona kamodzi n'kupezamo machiritso. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita nthumanzi.

Ankhoswe atabwera, amalume anavala jekete ya kutchalitchi n'kuima pakhomo. Ine ndinkasuzumira pazenera. Amalume anachirikiza chigongono, n'kupereka dzanja. Mkulu wa alendowo, amene anali wamng'ono kwa iwo, ataona mdala akumulonjera mwaulemu wotere anavula chipewa msangamsanga n'kunjuta. Za matenda sanazindikire n'komwe. Nkhani inayenda bwino, tsiku la ukwati linapezeka.

Alendo atapita ndinalowa kukachotsa makapu. Amalume anandiitana.

"Siyani zimenezo, mayi. Bwerani kuno."

Chibadwire anali asananditchulepo mayi. Anaimirira, anachirikiza chigongono, n'kundipatsa moni wa akuluakulu. Zala zija, zimene ndinkazipukuta ndi kansalu ngati za khanda, zinandigwira zokha, ndipo sizinafulumire kundisiya.