Amama tawapeza pansi pa msuku

Mwaswera bwanji nonse. Mitima ikhale pansi, amama tawapeza ndipo ali bwinobwino.

Kwa amene simunamve, m'mawa ndinapeza chitseko chawo chili chotsegula, ndodo yawo palibe. Ndi miyendo yotupa ija. Ndinayang'ana kuchigayo ndi kutchalitchi, mpaka ndinatuma wanjinga yamoto ku Sinda. Ine misozi inali itayamba kale.

Masana mayi wina wochokera kunkhuni anati wawaona kumunda wakale. Paja achimwene a Mabvuto anauza owotcha makala kuti adule thengo la kumundako, osakumbuka kuti msuku waukulu uja uli momwemo. Amama anamva dzulo, osauza munthu.

Ndinawapeza atatsamira mtengowo, miyendo atatambasula. Azibambo atatu a makala anali atakhala pambali pawo, nkhwangwa zili pansi, akudya masuku, njere zitadzaza poliponse.

Ndinati, "Amama, mwatiopsatu."

Iwo anati, "Agogo anga poswa mphanje pano, tchalitchi chathu chikadali cha udzu, mtengo uwu anausiya. Msuku sitidula, timangotola zakugwa. Awa ndawauza kuti ayambe adya, kenako adule ngati alibe manyazi."

Palibe anagwira nkhwangwa. Mmodzi mpaka anawakweza panjinga yake kuwabweretsa kunyumba.

Pano akupumula, koma akuti mawa abwererakonso. Enanu mukuti bwanji? Achimwene a Mabvuto, ndaona kuti mukuwerenga uthengawu pagulu pano. Mukawaletsa nokha anthu anu aja, kapena tikawayalire amama mphasa konko?