Bambo Atopa

Chaka chachiwiri cha mliri wa kolona chinandipeza ku Perth, ndikuchita kafukufuku pa sukulu ya ukachenjede ku Murdoch. Kafukufukuyo anali wa malo opangira magetsi a nyukiliya. Amalawi anzanga ndikawauza zimenezi ankaseka mpaka kugwira nthiti: munthu wochokera kudziko kumene magetsi amathima tsiku ndi tsiku, wokhala m'dziko lopanda ngakhale malo amodzi opangira magetsi oterowo, n'kumawerengera makina amene sanawaonepo ndi maso. Zinkandinyansa, koma sankanama.

Chimene ndinkawerengeracho n'chosavuta kufotokoza. Pamalo amenewa pamakhala mapampu ndi majenereta amene sagwira ntchito masiku onse. Amangokhala duu kudikira ngozi, kuti magetsi akathima kapena madzi oziziritsa akasiya kuyenda, iwo adzuke nthawi yomweyo. Koma chinthu chongokhala simungadziwe ngati chikadali ndi moyo, ndiye amisiri amachiyesa, kuchimasula, kuchithira mafuta. Nthawi yonse imene chili chomasula, ngozi itagwa sichingathandize munthu. Mukamachimasula pafupipafupi, maola amene mulibe chokutetezani amachuluka. Mukachisiya nthawi yaitali, chimafa mwakachetechete inu osadziwa. Ntchito yanga inali kupeza pakati pake. Lamulo lalikulu la ntchitoyi ndi lakuti musanazimitse pampu imodzi, muyambe mwatsimikiza kuti inzake ili bwino. Lamulo limeneli ndinkalikonda kwambiri moti mkazi wanga analitopa nalo, chifukwa ndinkalilowetsa ngakhale pa nkhani ya tayala la sipeya.

Mu Januwale bambo anga anadwala kwathu ku Dedza. Ku Perth moyo unkayenda ngati kulibe mliri. Malire anali otseka, ndipo m'kati mwake anthu ankapita kunyanja, kuwotcha nyama, kudandaula za kutentha. Kwathu ndiye kunali maliro okhaokha. Ndinkadzuka m'mawa, kuwerenga pa foni amene atisiya, kulemba kuti pepani, kenako kukakwera basi. Patapita masiku ndinasiya kumva kalikonse, chala chokha ndicho chinkalemba.

Kupita kwathu sikukanatheka. Ndikanatuluka m'dzikomo sakanandilolanso kulowa, ndipo mkazi ndi mwana akanatsala okha. Chimene chinanditsalira ndi foni basi. Bambo anagonekedwa pa chipatala china chaching'ono, ali pa mpweya, ndipo mlongo wanga wamng'ono ndiye anali gadiyani wawo. Tsiku lachitatu anawagwirira foni kukhutu. Ndinamva kupuma kwawo ndisanamve mawu awo.

"Ndili ndi mawu ako," anatero bambo. "Koma lero mpweya wachepa. Ndikapezako bwino undiimbire."

Bambo anga sanali munthu wa mawu. Moyo wanga wonse sanandiitanepo kuti tikhale pansi tikambirane. Ndiye kuyambira tsiku limenelo ndinkadikira chinthu chimodzi chokha, kuti ndimve mawuwo ndi khutu langa.

Vuto linali foni yanga. Batire yake inali itatupa, ndipo inkazima yokha ngakhale ili ndi moto. Kawiri konse inandidulira ndikuyankhula ndi mlongo wanga. Ndinaona kuti tsiku lina idzazima bambo ali pakati pa chiganizo, ndiye ndinachita monga ndinaphunzirira. Ndinatenga pepala n'kuwerengera nthawi yabwino yoikonzetsa. Perth ili patsogolo pa kwathu ndi maola asanu ndi limodzi. Wokonza mafoni amatsegula naini koloko, kwathu ili fili koloko usiku, aliyense ali m'tulo. Iye anali atandiuza kuti ndi ntchito ya maola awiri. Kwathu kukamacha foni idzakhala ili m'thumba mwanga, yatsopano. Ndinadzitama mumtima kuti sukulu siinapite pachabe.

M'mawa wa tsikulo ndinapeza uthenga wa mlongo wanga. Unali waufupi: "Achimwene, bambo atopa."

Ndinayankha ndikumwa tiyi: "Uwauze apume. Tiyankhulana kukacha."

Mawu akuti atopawa ndimawadziwa. Ndinakula ndikuwamva kwa azimayi akutuluka m'nyumba ya matenda, akunong'onezana pakhomo. Kwathu munthu sanena kuti wodwala akufa. Amati watopa, ndipo womva amasiya khasu pomwepo n'kuthamanga. Mlongo wanga analemba Chichewa cholongosoka, wolakwa sanali iye. Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti zaka zokhala pakati pa anthu onena zinthu mosapsatira ndizo zinandigonthetsa khutu. Mwina n'zoona. Koma mwinanso ndinamva bwinobwino, kungoti pulani yanga inali italembedwa kale papepala, ndipo sindinafune kuisokoneza.

Mkazi wanga ndi namwino, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku nyumba yosungirako okalamba ku Balga. Tsiku limenelo anali pa shifiti ya m'mawa. Chifukwa cha mliri, mafoni awo ankawasiya m'kabati yotsekera mpaka poweruka. Ndinkazidziwa zimenezi, ndinamuonanso akutuluka atavala yunifolomu. Nambala ina imene mlongo wanga anali nayo kuno inali ya mkazi wangayo basi. Sindinaganizeko n'komwe, ine katswiri wa pampu yachiwiri.

Wokonza mafoni anali ndi kabenchi kake pakati pa sitolo zazikulu. Anaitsegula foniyo ine ndikuona, n'kuyala tizitsulo take pa kansalu. Kenako anakanda mutu n'kunena kuti batire imene anali nayo si ya mtundu umenewu, yoyenera ibwera kuchokera ku nyumba yawo yosungira katundu ku Welshpool cha m'ma thwelofu. Ndikanatha kumuuza kuti aibwezere momwe inalili. Ndikanatha kutenga simu khadi n'kugula kafoni kotchipa pa sitolo yoyandikana nayo. Ndinangoti palibe vuto.

Ndinakakhala pamalo odyera, n'kutsegula kompyuta. Ndinagwira ntchito bwino kwambiri tsiku limenelo, kuposa masabata onse a m'mbuyomo. Ndinapeza cholakwika chimene chinandizunza mwezi wathunthu: maola okonzera jenereta imodzi ndinali nditawawerengera kawiri. Nditachikonza manambala onse anagwirizana. Ndinadya tchipisi ndi nsomba, ndinamwa khofi. Thwelofu itakwana ndinapita kukafunsa, anati galimoto ili m'njira. Ndinawerengera kuti kwathu ndi sikisi koloko, mlongo wanga mwina akutenthetsa madzi osamba. Ndinabwerera pampando wanga ndili wokondwa ndithu, ndipo chimenechi ndicho chimandichititsa manyazi mpaka lero.

Foni ndinailandira thu koloko. Nditangoiyatsa inayamba kunjenjemera m'manja osalekeza. Sindinawerenge kuti anaimba kangati. Ndinaimirira pafupi ndi masitepe oyenda okha n'kuimba. Kumbuyo kwa mlongo wanga kunkamveka azimayi.

"Atisiya, achimwene," anatero. Mawu ake anali ouma, a munthu amene walira kale n'kumaliza. "Tinakuimbirani kuyambira folo koloko. Alamu nawonso foni yawo imangoitana. Cha m'mbandakucha bambo anatsitsimuka, anachotsa okha chopumira chija n'kunena kuti ndikuimbireni."

"Mawu aja anakuuza?"

"Ayi. Anati ndi anu."

Sindinalire. Ndinabwerera kwa wokonza mafoni uja kukatenga risiti imene ndinaiwala, n'kumuthokoza. Ndinakwera sitima, kenako basi. Ndikukumbuka kuti mpando wa m'basimo unali wotentha ndi dzuwa, ndipo ndinasuntha n'kukhala mbali ya mthunzi.

Mkazi wanga anafika maso ali ofiira, anali ataona kale pa foni yake poweruka. Anandikumbatira, ine ndili chiimire ngati mtengo. Kenako anatenga foni yanga kuti aone nthawi imene zinachitika. Anawerenga uthenga wa m'mawa uja, n'kuwerenganso.

"Anakulemberani kuti atopa," anatero. "Inu n'kuyankha kuti apume?"

Anaika foniyo pa tebulo chafufumimba n'kupita kukatenga mwana kusukulu.

Maliro anaikidwa mawa lake, monga ankachitira ndi onse omwalira ndi mliriwo. Amalawi a kuno anabwera kudzakhala nafe pa balaza, ndipo tinaonera pa foni yanga titaitsamiritsa pa botolo la madzi. Tinaona anthu ovala zoyera thupi lonse, bokosi, ndi nsapato za msuweni wanga amene ankajambula. Batire yatsopanoyo inapirira mwambo wonse osatha ngakhale theka.

Sabata yotsatira ndinabwerera ku kafukufuku, chifukwa panalibe china chochita. Aphunzitsi anga anati nditenge tchuthi, ndinakana. Ndinkakhala pa kompyuta kuwerengera maola amene mapampu a anthu ena, m'mayiko ena, amakhala omasula. Manambala ankatuluka bwino. Anthu ankandifunsa kuti ndikupeza bwanji, ndinkati ndilipo, ndipo zinali zoona.

Panapita miyezi iwiri ndisanalimbe mtima kufunsa mlongo wanga. Linali Loweruka masana, ndikuyanika zovala kuseri kwa nyumba, foni nditaipanira paphewa. Tinali titamaliza kukamba za denga la amayi limene linkadontha.

"Iwe, uthenga wanga uja," ndinatero. "Bambo anaudziwa?"



"Ndinawawerengera," anatero. "Foni yanu itakana kambirimbiri ndinasowa chowauza. Maso awo anali pa foni basi. Ndiye ndinati, achimwene alemba kuti mupume."

"Anati chiyani?"

"Anafunsa kuti, 'Wanena yekha?' Ine ndinati eya, alemba okha. Ndiye anasiya kuyang'ana foni ija."

Ndinati zikomo. Iye anandifunsa ngati kuno kukutenthabe, ndinati kukutentha. Ndinamaliza kuyanika zovala zotsalazo.